Zolemba M'mphepete mwa Buku

Loweruka lililonse, kaya mvula kaya chifunga,
timakwera masitepe a holo ya ku Highfields, mu Leicester,
anthu asanu ndi anayi,
ambiri tikuchokera ku shifiti ya usiku,
manja akununkhabe sopo wa m'nyumba za okalamba.
Buku anatipatsa laulere,
lonenepa, lochita kung'anima.

Tsamba loyamba linati:
munthu muzimuyang'ana m'maso.
Che Jafali anaseka mpaka kutsamwa tiyi.
"Apongozi anga ndiwayang'ane m'maso?
Mawa lake ukwati watha."

Tsamba lachitatu linati: mufunseni, mukumva bwanji?
Koma funso limenelo timafunsa wodwala malungo,
ndipo yankho timalidziwa kale:
ndiliko bwino, kaya inu.

Mayi Ndaziona, mphunzitsi wathu,
nesi wa zaka makumi awiri mu wodi ya odwala maganizo,
sanakwiye.
Anakhuthula mapensulo patebulo
nati: "Wolemba uyu sanadziwe kuti mubwera.
Muthandizeni. Lembani m'mphepete."

Tinalemba.
Chithunzi cha mipando iwiri yoyang'anizana
ngati ku polisi
Tsanzo anachikhwatcha,
najambula anthu awiri m'galimoto,
onse maso kumsewu,
poti bambo wa kwathu amamasula lilime
pamene palibe womupenya.

Liwu lija la Chingerezi, la mdima wa mumtima,
tinalisaka masabata awiri.
Wina anati kuganiza kwambiri.
Wina, mtima kulemera.
Esinati anati: "Mayi anga ankangoti thupi lakana."
Tinalemba onse atatu, palibe amene tinamutsutsa.

Zina anatikaniza kufufuta.
"Chinsinsi si cha azungu," anatero.
"Mukanong'oneza mnzanu mmodzi pa basi ya Evington,
dzuwa lisanalowe azakhali a ku Balaka amva."
Ndi funso lija loopsa,
limene kwathu timalilambalala ngati manda:
kodi mwaganizapo zodzipha?
Anatiyeseza awiriawiri
mpaka linaleka kutigwira pakhosi.
Kumapeto kwa buku tinalemba manambala a madokotala,
poti mlangizi ayenera kudziwa
pamene mkono wake wathera.

Tsiku langa linafika mu Febuluwale.
Bambo Kachere, amene timapemphera nawo,
amene maliro a mayi awo anawaonera pa foni
ataima m'khonde la fakitale, nthawi yopuma,
anandipempha ndiwaperekeze kukagula matayala.
Matayala awo analibe vuto.

Tinazungulira tauni kawiri.
Pakamwa panga panadzaza mawu okonzeka kale:
limbani mtima, ndi chifuniro cha Mulungu,
mwamuna salira.
Ndinawameza limodzilimodzi
ngati mapiritsi opanda madzi.
Mawaipa okha ndiwo ankalankhula.

Pa maloboti a London Road anati:
"Sindinaponye dothi."
Ndinati: "Simunaponye dothi."
Basi.
Monga anatiphunzitsira, kumubwezera munthu mawu ake
kuti awaone ali m'manja mwa wina.
Loboti inasintha, a kumbuyo anaimba hutala,
ife tili chiimire.

Funso loopsa lija ndinalifunsa tili pa malo oimika galimoto.
Mawu anga ananjenjemera, koma anatuluka.
Anakhala chete nthawi yaitali.
Kenako: "Kamodzi. Mu Disembala."
Lolemba tinapita limodzi kwa dokotala,
ine ndinadikira panja, nditagwira jekete lawo.

Bukulo tsopano lakuda m'mphepete monse,
Chichewa, Chiyao, mivi yolozera uku ndi uku,
dontho la tiyi wa Che Jafali pa tsamba loyamba.
Gulu latsopano liyamba mwezi wamawa.
Mayi Ndaziona akuti alijambulitsa momwemo, osakonza,
ndipo agulanso mapensulo.
Pansi pa tsamba la khumi ndi chiwiri
pali kamzere kanga, kopendama:
munthu akakupempha kukagula matayala,
usayang'ane matayala.